Mwendo ukatupa magazi atabwerera, musakagone

Achemwali, nkhani ya bambo anuyi, ya magazi kuundana m'mwendo ndi zowapatsa masteroid, mankhwala oziziritsa kutupa, yandibwezera m'wodi momwe ndinkadwazika amuna anga. Amuna anganso magazi anaundana n'kutseka mtsempha wa mwendo, phazi kuzizira ngati mwala. Atawachita opaleshoni phazi linafunda, ife tikuti zatha. Usiku womwewo katumba anatupa n'kulimba gwa, khungu likuchita kunyezimira. Ndikangogwedeza chala chachikulu, munthu wamkulu uja ankakuwa mpaka odwala ena kudzuka. Mkodzo m'thumba muja unasanduka wofiirira, kenako wakuda bii.

Katatu konse ndinapita kukaitana amene anali pa ntchito usikuwo. Atabwera sanaukhudze n'komwe mwendowo, anangoti, "Mayi, n'kutupa chabe, tawabaya dexamethasone, kagoneni." Ndikagone bwanji munthu akulira choncho? Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa maola amenewo ndi amene anawononga mitsempha, pano phazi amachita kukoka.

M'mawa dokotala wa opaleshoni anangougwira kamodzi n'kuthamanga nawo kukang'amba katumba mbali zonse ziwiri, eti fasciotomy. Ndi iyeyo anandifotokozera kuti minofu ikakhala maola ngati 6 yopanda magazi, okosijeni akabwerera mwadzidzidzi amaivulazanso. Maselo oyera a magazi amakhamukira pamenepo, timitsempha ting'onoting'ono n'kuyamba kuchucha madzi, ndipo zoipa zotuluka m'minofu yakufa, potaziyamu ndi myoglobin, zimakasokoneza mtima ndi impso. Masteroid, monga dexamethasone uja, amaziziritsa kutupa, inde, koma mnofu wopanikizika mkati sangaupatse malo. Ndinadzawerenganso za kafukufuku wa SIRS wa 2015, odwala 7,507 a opaleshoni ya mtima, ndipo steroid wina wotchedwa methylprednisolone sanachepetse imfa. Kwa ife jakisoni wa dexamethasone uja anangokweza shuga, pomwe bala lotseguka limafuna shuga wodekha kuti lipole.

Komabe musawakanize bambowo mankhwala ayi. Ngati madokotala awalembera, ali ndi chifukwa chawo, mwina pali vuto lina limene inu simukuliona, afunseni akuuzeni. Ndipo ngati amwa kwa milungu ingapo asasiye mwadzidzidzi, n'zoopsa. Muwakumbutse madokotalawo kuyeza shuga. Inuyo muziyang'ana mkodzo, muzigwira katumbayo ndi dzanja lanu. Akalimba, ululu n'kumakula ngakhale atawapatsa mankhwala, aitaneni a opaleshoni ola lomwelo, ngakhale akunyogodoleni.