Musagulitse masheleni a agogo musanawerenge chaka

Achimwene, chitini cha ndalama zakale cha agogo anucho chisatuluke m'nyumba musanawerenge chaka cholembedwa pa ndalama iliyonse, chifukwa mtengo wagona pamenepo. Matiki, masheleni ndi mahafukolona a Southern Rhodesia, omwe ankagwiranso ntchito kuno nthawi ya Nyasaland, anali ndi siliva wokwana 92.5 peresenti kuyambira 1932 mpaka 1942. A 1944 mpaka 1946 siliva wake ndi theka, pomwe kuyambira 1947 ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo basi. A chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland komanso a mutu wa Kamuzu a 1964 alibe siliva.

Kwathu wogula anafika maliro a mayi ali m'nyumba, bokosi lisanapezeke, atamva kwa anthu kuti malemu bambo anasiya ndalama zomwe anabwera nazo kuchokera ku migodi. Anagwada, napepesa mwaulemu wonse, kenako anakhuthulira ndalamazo pamphasa kuseri kwa nkhokwe n'kuyamba kuziyendetsa maginito pamwamba. Zitakana kumata, anapukusa mutu mwachisoni n'kutiuza kuti zimenezi ndi zitsulo zakufa zoyenera kugulidwa ngati sikirapu. Pamene ankalankhula, zala zake zinkatembenuza hafukolona iliyonse kuti aone chaka, ndipo zakale kwambiri ankaziunjika pafupi ndi bondo lake. Siliva samata maginito, ndipo iyeyo ankadziwa bwino lomwe! Hafukolona imodzi imalemera magalamu 14, ndipo yakaleyo siliva yekha ndi pafupifupi magalamu 13, koma zomwe anatipatsa pa chitini chonse sizinakwane ngakhale matabwa a bokosi. Munthu wodyerera anamfedwa ndi mfiti, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa.

Musazikweche ndi phulusa kapena mandimu, chifukwa osonkhanitsa ndalama zakale amafuna mtundu wake wachikalekale, ndipo yokwechedwa imatsika mtengo. Zipatuleni potengera zaka, muziyeze nokha pa sikelo yaing'ono, ndipo muone mtengo wa siliva wa tsikulo pa intaneti musanakumane ndi aliyense. Oyenda khomo ndi khomo musawalole n'komwe kukhala pansi. Komabe ndalama zambiri za m'zitini n'zofufutika moti nkhope ya mfumu sionekanso, ndipo osonkhanitsa sazifuna, choncho wina akabwera ndi sikelo n'kutchula mtengo woyandikira wa siliva, landirani tsiku lomwelo.