Bwana akufuna timu ilembedwe m'dzina lake: tivomere kodi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Katete, msungichuma wa timu ya mpira imene imasewera mu ligi ya m'chigawo chathu cha kum'mawa. Analemba kuti: "Zaka ziwiri tsopano, bwana wina wogula soya ndi chimanga, amene alinso ndi malole, ndiye akutilipirira zonse: mayunifomu, mayendedwe ndi ndalama za anyamata. Tsopano akuti timu ilembedwe m'dzina lake, atikweze mpaka National Division One. Anzanga mu komiti akuvina. Ine mtima ukukana. Kodi ndi nsanje chabe?"

Bambo msungichuma, si nsanje. Inu ndi amene mumagwira buku, ndiye mukuona zimene ovinawo sakuona. Koma musamutenge bwanayo ngati mdani. Munthu wotulutsa ndalama zake kuti ana a anzake apite ku Lundazi kukasewera, tizimuthokoza. Ndalama za pageti pa mabwalo athu tonse timazidziwa, nthawi zina sizikwana n'kulipira oyimbira mpira.

Funso loyamba limene ndikufuna mukamufunse ndi ili: ndalama zonse zimene waika m'zaka ziwirizi, ndi mphatso kapena ndi ngongole? Ndikudziwa kuti kufunsa zotere munthu amene wakudyetsani n'kochititsa manyazi, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lero mukugwirizana, aliyense akuti ndi thandizo. Tsiku limene mudzasemphana mawu, mwina chifukwa kochi wasiya mphwake wa bwana pa benchi, mudzaona kabuku kakutuluka m'thumba, dizilo yense wa ulendo wa ku Petauke atalembedwa. Timu yanu ilibe chobwezera. Idzabweza ndi chokhacho chimene ili nacho: dzina lake, malo ake mu ligi, ndi anyamata abwino amene ingagulitse.

Malo a mu ligi amagulitsidwa ndithu. Ku South Africa, timu ya Bidvest Wits inayamba mu 1921 ndipo inatenga ligi mu 2017. Mu 2020 eni ake anagulitsa malo ake kwa timu ya ku Limpopo, ochemerera n'kutsala manja m'khosi, kutatsala chaka chimodzi kuti timu ikwanitse zaka 100. Timu yanu ikalembedwa m'dzina la munthu mmodzi, adzakuletsani ndani akadzafuna kuisamutsira ku Lusaka?

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Gretna, katawuni ka ku Scotland kochepa kuposa Katete. Munthu wolemera dzina lake Brooks Mileson anaikonda timu ya kumeneko ndi mtima wonse. Inakwera ligi zaka zitatu zotsatizana, 2005, 2006 ndi 2007, mpaka ligi yaikulu ya dzikolo. Mu 2006 inafika mu fainolo ya Scottish Cup n'kugonja kwa Hearts pa mapenate. Bwalo lawo linali laling'ono, choncho atakwera ligi yaikulu masewera a pakhomo ankakachitira kwa eni, ku Motherwell. Kumayambiriro kwa 2008 Mileson anadwala, ndalama zinasiya kubwera, osewera sanalandire malipiro, ndipo chaka chomwecho timu inathetsedwa. Munthuyu sanabe kanthu, sanakwiye ndi aliyense. Anangodwala basi. Chimene chinapha timu ndi chakuti malipiro a osewera anayezedwa ndi thumba lake, osati ndi ndalama zimene timu inkapeza yokha.

Kuno kwathu sitifunika kupita kutali. A ku Copperbelt amakumbukira zimene zinachitika migodi ya kampani ya boma ya ZCCM itagulitsidwa cha m'ma 2000. Roan United ya ku Luanshya, imene inatenga ligi yoyamba mu 1962, ndi Mufulira Wanderers, imene inaitenga kasanu ndi kanayi, zinalowa m'mavuto aakulu pamene mgodi unasiya kuzisamalira ngati kale. Kutsidya kwa Mwami, Bullets ya ku Blantyre inkatchedwa Bakili Bullets pamene a Bakili Muluzi, amene anali mtsogoleri wa dziko la Malawi, ankaithandiza, ndipo mu 2004 inafika m'magulu a CAF Champions League. Thandizo lija litatha, timu inakhala zaka ikupemphetsa. Ngati mgodi ndi mtsogoleri wa dziko angasiye timu panjira, nanji wogula soya? Chuma chake chimadalira mvula. Chilala cha 2024 tinachiona tonse, ndipo chaka chotero munthu ayamba walipira madalaivala ake ndi ngongole ya ku banki, mpira pambuyo.

Ganiziraninso za kukwera kumene akukulonjezaniko. Mu ligi ya m'chigawo mumanyamuka m'mawa, kusewera, madzulo muli kunyumba. Mu National Division One, ligi yotsatira ligi yaikulu ya dziko lino, mudzayenda dziko lonse. Kuchoka ku Katete kufika ku Lusaka kokha ndi makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road, ndipo matimu ambiri ali kuseri kwa Lusakako. Pamafunika basi, malo ogona ndi chakudya cha anthu oposa makumi awiri, sabata ndi sabata. Osewera a kunja kwa boma lanu adzafuna makontirakiti ndi nyumba. Bwana akatopa pakati pa sizoni, makontirakiti aja satopa. Wosewera adzakasuma ku FAZ, bungwe loyendetsa mpira m'dziko lino, ndipo akakhala wochokera kunja kwa dziko angafike mpaka ku FIFA, imene imaletsa timu ya ngongole kulemba osewera atsopano.

Ndiye mutani? Ine sindikuti mukane. Ndikuti mukhale pansi tsopano, chikondi chikadali chotentha, mulembe pepala pamaso pa loya. Zonse zimene wapereka mpaka lero zilembedwe kuti ndi mphatso. Ngati timu ikhala kampani, ilembetsedwe ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, bwana atenge gawo lake lalikulu ngati afuna, koma dzina la timu, mitundu yake, tawuni yake ndi malo ake mu ligi zisasinthidwe popanda chilolezo cha mamembala. Ndalama zake zizilowa mu akaunti ya timu sizoni isanayambe, osati zopereka pamanja kuseri kwa golo mukapambana. Ndipo akafuna kuchoka, anene sizoni yathunthu isanathe.

Chinthu china chimene matimu athu amachinyalanyaza ndi kulembetsa ana. Mwana aliyense wa zaka 12 kupita m'tsogolo amene mukumuphunzitsa akhale m'mabuku a FAZ pansi pa dzina la timu yanu. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya mtengo wake imagawidwa kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Patson Daka ndi Enock Mwepu anadutsa ku Kafue Celtic, timu imene siinali yaikulu, asanapite ku Red Bull Salzburg ya ku Austria, kenako ku England mu 2021. Si mwana aliyense adzafika kumeneko, koma popanda pepala, ngakhale atafika, inu simudzaona ngwee.

Musaleke kutolera makhadi a umembala ngakhale atakhala a K20, ndipo pitani kwa a mashopu atatu kapena anayi a pa boma kuti aliyense anyamuleko kake. Anzanu adzati n'kuvutikiranji bwana alipo. Auzeni kuti mukufuna kudziwa chiwerengero chimodzi chokha: bwana atapanda kutumiza kanthu mwezi wa mawa, timu ingasewere masewera angati ndi ndalama zake? Tengani buku lanu usiku uno muwerengere. Mukapeza yankho mundilembere, ndipo mukapite nalo ku msonkhano wa komiti musanasayine chilichonse.