Achemwali, musakane: pitani ku Ullevålseter

Imelo yanu ndinaiwerenga Lachitatu usiku, ndipo tulo sitinabwere msanga. Mwati anzanu a kuntchito akuitanani Lamlungu likudzali kuti mukayende nawo pa ski, timatabwa titalititali toyendera pa sinowo, kuchokera ku Sognsvann, kanyanja ka kumpoto kwa Oslo, mpaka ku Ullevålseter m'nkhalango, inu chibadwire simunavalepo ski, ndiye mukufuna ndikuthandizeni mawu okanira mwaulemu, poti "zimenezi si zathu". Mawu okanirawo ine sindikupatsani, achemwali.

Ine kuno ku Oslo, likulu la Norway, ndinafika mu Ogasiti, mitengo ili biriwiri, anthu akusamba m'nyanja mpaka madzulo. Ndinkangoti anthu amakokomeza za kuzizira. Kenako Novembala anafika. Mu Disembala dzuwa limatuluka 9 koloko itadutsa, ndipo ikamakwana 3 koloko masana limakhala likulowa. Ndinkapita kuntchito kuli mdima, kuweruka kuli mdima. Loweruka ndi Lamlungu ndinkangobindikira m'chipinda, makatani otseka, kuimba mafoni a WhatsApp kumudzi mpaka abale anga nkhani kuwathera. Nthawi zina ndinkapezeka ndikulira ndili pa sinki, osadziwa chomwe chandiliza. Anzanga a kuntchito anali aulemu, moni ankapereka, koma zinkathera pomwepo. Mumtima ndinagamula kuti anthu akuno ndi ouma mtima, ndipo ndinayamba kuwerengera miyezi yoti ndidzabwerere kwathu.

Amene anandichotsa m'chipindamo ndi mayi ena achikulire a chitseko choyang'anana ndi changa, namwino wopuma pantchito. Miyezi yonseyo tinkangogwedezerana mutu pa masitepe. Lamlungu lina mu Januwale anagogoda atanyamula nsapato ndi ma ski a mwana wawo wamkazi amene anasamukira kwina, n'kungoti, "Valani, tiyeni." Sanandifunse ngati ndikufuna. Tinakwera T-bane, sitima ya mumzinda, nambala 5 yomwe imathera ku Sognsvann. M'sitimamo munali modzaza, agogo a imvi, anyamata, tiana toti sitinayambe n'komwe sukulu, aliyense atagwira ma ski ake moimika. Ine mtima uli phaphapha.

Titatsika anandionetsa tinjira tiwiri timene makina amasindikiza mu sinowo, toyandikana ngati njanji. Anagwada, n'kundimangirira nsapato kumphuno kokha, chidendene n'kuchisiya chomasuka, kenako anandiuza kuti ndingoyenda ngati ndikukwekwesa mapazi. Ndinagwa kambirimbiri. Sinowo analowa m'manja mwa jekete, kuzizira kwake n'kufika m'khwapa. Mayi aja sankaseka, sankandimveranso chisoni, ankangodikira ndidzuke. Pa chitunda anandiphunzitsa kutagaza nsonga za ski kunja n'kumakwera phazi limodzi limodzi, kusiya m'mbuyo zizindikiro zomwe iwo amazitcha minga ya nsomba. Mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 5, wambiri wokwera. Pofika pakati thukuta linali kamukamu, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire dzinja ndinamva njala yeniyeni.

Ullevålseter ndi nyumba yamatabwa pakati pa nkhalango ya Nordmarka. Panja pake ma ski ambirimbiri anali atazikidwa mu sinowo, popanda mlonda. Mkati munali fungo la khofi ndi la majuzi onyowa, mawindo achita nthunzi, anthu atapanikizana pa mabenchi, masaya ali psuu. Mayi aja anandigulira chakumwa chotentha cha zipatso zakuda chotchedwa solbærtoddy, ndi vaffel, kachitumbuwa kopyapyala, kopaka jamu. Zala zanga zinkanjenjemera moti kapu ndinaigwira ndi manja awiri. Bambo wina amene tinakhala naye benchi imodzi anandifunsa komwe ndachokera, nditati ku Malawi anayamba kundifunsa za nyanja. Anthu omwewa amene m'basi sakuyang'ana n'komwe! Ndipo pa benchi pomwepo mayi aja anandiuza za imfa ya amuna awo, kuti njira imeneyi ankayenda awiri Lamlungu lililonse, ndipo chimwalirire amunawo anali asanafikekonso. Tinakhala chete nthawi yaitali, chakumwa chikuzizira.

Ndiye mukandiuza kuti "zimenezi si zathu", mtima umandiwawa, ndipo ndinene mosabisa, ndimakwiya. Mawu amenewa ndawamva kwa anthu akwathu kuno kosawerengeka, ku maphwando, pambuyo pa mapemphero, m'magulu a WhatsApp. Amene amawanena kwambiri ndi omwewo amene ikafika Febuluwale amadandaula kuti dziko lino ndi ndende. Munthu wadzitsekera yekha m'nyumba miyezi isanu, ndiye likhala bwanji losakhala ndende? Anzanu a kuntchitowo akakuitanani kunkhalango, dziwani kuti akutsegulirani khomo limene satsegulira aliyense. Munthu wa kuno kukuitanira kunyumba kwake zimatenga nthawi, koma akakuitanira ku ski ndiye kuti wakuwerengera. Mukakana kamodzi sadzakukakamizani, ulemu wawo ndi wotero, adzangoganiza kuti simufuna, basi osadzakuitananinso.

Ndipo ana athu bwanji? Sukulu zakuno zimakhala ndi tsiku la ski, ngakhale ku barnehage, sukulu yamkaka, ana amatuluka panja kukuzizira. Mwana amene makolo ake amati izi n'za azungu amakaima pambali, anzake akuthamanga. Mwanayo wabadwira konkuno, chinenero amalankhula ngati iwo, koma tamuphunzitsa tokha kuti nkhalango ili kuseri kwa nyumba yake si yake. Zimenezi sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono.

Nkhalangoyo ndi yanunso, ndipo si ine ndikunena, ndi lamulo. Lamulo la friluftsloven la 1957 limapatsa munthu aliyense ufulu woyenda m'tchire ndi m'mapiri ngakhale malowo ali ndi mwini wake. Mu 2009 anakhazikitsanso lamulo lapadera loteteza Marka, nkhalango yozungulira Oslo, kuti mzinda usaidye ndi nyumba. Njira za ski zozungulira Oslo zimakwana makilomita pafupifupi 2,600, ndipo amazikonza ndi khonsolo ya mzinda pamodzi ndi bungwe la Skiforeningen limene linayamba mu 1883. Palibe geti, palibe tikiti. Umembala wa bungwelo ndi wa kufuna kwako, ine ndimalipira chifukwa ndaona ntchito imene anthu a makina aja amagwira usiku ife tikugona. Mu 1973, mafuta atasowa padziko ndipo boma litaletsa kuyendetsa galimoto kumapeto a sabata, Mfumu Olav V inakwera sitima ya ku Holmenkollen ndi anthu wamba kupita kukayenda pa ski, n'kutulutsa ndalama kuti ilipire tikiti. Chithunzi chake aliyense kuno amachidziwa. Ngati sitima ya mumzinda inanyamula mfumu, ingakunyamuleninso inu.

Komabe ndimamvetsa kumene mawu ajawa amachokera. Mayi anga nditawauza pa foni anandifunsa kuti, "Nanga kuthengo kozizirako ukukafunako chiyani, mwana wanga?" Kwa iwo kuthengo ndi kokatola nkhuni, kokazula bowa, kobwerako msana ukuwawa. Munthu wopita kuthengo popanda chokatenga amaoneka ngati mutu sukuyenda bwino. Pa phiri la Mulanje pali tinyumba tabwino ku Chambe, ku Lichenya, ku Thuchila, koma anthu ambiri obadwira m'tsinde mwa phirilo akakwerako amakwera atasenza katundu wa alendo. Zimenezi zimandipweteka kuyambira kalekale. Tinazolowera kuti kukongola kwa dziko n'kwa alendo, ife yathu ndi ntchito. Maganizo amenewo sitiyenera kukwera nawo ndege kubwera nawo kuno.

Zovala ndi zida

Chovala chokhudza khungu chikhale chaubweya wa nkhosa. Cha kotoni chimamwa thukuta, ndipo mukangoima chimakuzizirani mpaka m'mafupa. Pamwamba pake juzi yopyapyala ndi jekete yotchinga mphepo, osati chijasi chachikulu chija mumavala podikira basi, mudzatenthedwa musanathe kilomita. Jinzi ayi. Chipewa, magolovesi, ndi juzi ina youma m'chikwama yoti mukavale mukafika. Zaubweya zogwiritsidwapo kale ntchito zimapezeka motchipa ku Fretex, masitolo a kaunjika.

Ma ski musagule kaye. Funsani anzanuwo, pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi ena osungidwa m'chipinda chapansi. Kulinso BUA, imene imabwereketsa zida zamasewera ulere, makamaka kwa ana ndi achinyamata, ndipo mukadzafuna anuanu yang'anani pa intaneti pa tsamba la malonda la Finn.no. Ngati mungapeze aja okhala ndi kachikopa kunsi otchedwa felleski, tengani amenewo, simudzavutika ndi zopakapaka.

Auzeni anzanuwo lero lomwe kuti ndi ulendo wanu woyamba, kuti wina adzayende pambali panu. Loweruka pitani nokha ku Sognsvann mukayeserere ola limodzi pamalo athyathyathya, makamaka kuima: nsonga za ski kuziyandikizitsa kutsogolo, zidendene kunja, mawondo opinda. Nyamukani m'mawa kuti mubwerere kukuwala, ngakhale njira ya ku Ullevålseter ili ndi magetsi. Yendani kumanja. Mukagwa chokani msanga m'tinjira tija chifukwa ena akubwera m'mbuyo. Njira za ski amazilemba ndi utoto wofiira, za buluu ndi za oyenda pansi nthawi yotentha, musazisokoneze. Mutenge fulasiki ya tiyi, lalanje ndi chokoleti cha Kvikk Lunsj, ndipo muone nyengo pa tsamba la zanyengo la Yr musanatuluke.

Pobwerera ndi potsetsereka, ndipo pamenepo ndi pamene pamaopsa woyamba kumene. Pakakukulirani, vulani ma ski muyende wapansi m'mphepete mwenimweni, osaponda tinjira. Palibe amene adzakunenani. Lolemba mundilembere, ndikufuna ndimve mmene miyendo ikuchitira.