Kwa namwino wa ku Mchinji amene watopa

Imelo yanu ndaiwerenga katatu, achemwali. Mukuti usiku mumatsala nokha ndi wodi yonse, ndipo mwayamba kudzifunsa ngati ntchitoyi ikuthandizadi munthu. Funso limeneli landilasa mtima.

Mayi anga atadwala sitiroko, ndinali gadiyani wawo milungu itatu kuno ku Kasungu. Ndinkayala chitenje pansi pa bedi, nsima ndikukaphika pa mafuwa ku shelita. Adokotala ankabwera m'mawa, kuwapima, n'kupita. Amene ankatsala nafe ndi namwino wina wamfupi, wa mawu otsika. Usiku wachiwiri anandipeza ndikuwamwetsa phala mayi ali chigonere chagada. Anandigwira dzanja, amvekere: "Dikirani kaye, asisi. Muwakhazike tsonga, phala lingalowe m'mapapo." Anandionetsanso kawatembenuzidwe, maola awiri aliwonse, ndi kuika nsalu yopinda pansi pa akatumba kuti zidendene zisakhudze matiresi. Anati zilonda za pogona zimayambira pamenepo ndi m'munsi mwa msana.

Mayi anakhalanso ndi moyo zaka zinayi kwathu ku Santhe, opanda chilonda ngakhale chimodzi. Ine ndinaphunzitsa mng'ono wanga, iye n'kukaphunzitsa amayi a Mvano oyendera odwala m'midzi. Namwino uja ndinakumana naye pa depoti chaka chatha. Ndinamuthokoza misozi ili mbwembwembwe, koma iye sanandikumbuke n'komwe.

Vuto lanu lagona pamenepa. Munthu mumamuona pa tsiku lake loipitsitsa. Akachira amanyamula mtolo wake, simumuonanso. Otsalira m'mutu mwanu ndi amene anatsirizikira m'manja mwanu, ndiye mumadziwerengera maliro okhaokha.

N'chifukwa chake zimandiwawa anthu akamanyoza anamwino onse pa Facebook. Amwano alipo, sindikana, ndipo bungwe loyang'anira ntchito ya anamwino ndi azamba la Nurses and Midwives Council of Malawi lilipo kuti tikadandaule. Koma kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700, ankalowa m'matenti kukaika madiripu anali ndani? Kuwaombera m'manja pa 12 May, tsiku la anamwino pa dziko lonse, lomwe ndi tsiku lobadwa namwino wotchuka Florence Nightingale, n'kuwasiya okha usiku chaka chonse, ine ndikuti n'kulakwa. Magadiyani ndiye alibe n'tsiku lomwe. Amasiya fodya ali m'chigafa, kukachapa zofunda za wodwala mbandakucha, popanda wowafunsa ngati adya.

Ndiye muchite chiyani?

Tchuthi chanu tengani, musachisiye. Za kutsala nokha usiku lemberani akuluakulu a anamwino m'boma lanu, mudziwitsenso a NONM, bungwe loimira anamwino ndi azamba. Ndipo mukamatulutsa wodwala wogona, muitane gadiyani amutembenuze kamodzi inu mukuona, asananyamuke.