Funsani za kompyuta: Mafani akuzungulira koma sikirini ili bii

FUNSO: Bambo, ndine mnyamata wa ku Chitakale kuno ku Mulanje, ndimajambula zithunzi m'maukwati ndi m'zinkhoswe. Ndinasonkhetsa ndalama n'kukagula zida ku Limbe kuti ndimange ndekha kompyuta: purosesa ya Ryzen 5 3600, motherboard ya B450, RAM ziwiri za DDR4 za 8GB, SSD ndi power supply. Ndikayatsa, mafani akuzungulira, timagetsi tikuyaka, koma sikirini ili bii. Chingwe cha HDMI ndachilowetsa kumbuyo, pa motherboard. Anzanga akuti anandigulitsa bodi yakufa. Ndikabweze?

YANKHO: Achimwene, ndalama ya minibasiyo ibwezeni kaye m'thumba. Pa zomwe mwatchulazi ndasowapo graphics card, khadi yopanga chithunzi chopita pa sikirini, ndipo vuto lagona pomwepo. Ryzen 5 3600 ilibe mbali yopangira chithunzi mkati mwake. Bowo la HDMI lomwe mukuliona pa bodilo limagwira ntchito pokhapokha purosesa ikakhala nayo mbali imeneyo. Pa mapurosesa a Ryzen olowa mu soketi (pokhalira purosesa pa bodi) ya AM4 ngati yanuyi, omwe amatulutsa chithunzi paokha ndi okhala ndi G kumapeto, monga 3200G kapena 5600G. Ku Intel zimatembenuka: ambiri amatulutsa chithunzi, koma okhala ndi F, monga i3-10100F, ayi. Wogulitsa wabwino akanakuuzani zimenezi musanalipire, koma si onse amene amazidziwa.

Ena akuuzani kuti mukasinthitse ndi 5600G. Zotheka, koma bodi ya B450 yomwe yakhalitsa pa shelefu imafuna kuti BIOS yake, pulogalamu ya m'bodi yoyambitsa kompyuta, ikhale yatsopano isanalandire purosesa ya m'gulu la 5000, apo ayi mukumananso ndi mdima womwewo. Ine ndikanakhala inu, 3600 ndikanaisunga. Ili ndi ma core 6, kutanthauza timitu 6 togwira ntchito nthawi imodzi, ndipo pa ntchito yanu yokonza zithunzi ndi mavidiyo a ukwati, khadi yapayokha ikuthandizani ndithu. Musanagule, bwerekani khadi iliyonse kwa mnzanu, ngakhale yakalekale, muyesere. Chingwe cha monita chilowe pa khadiyo, m'munsimo, osati pa bodi.

Tsono ngati mwaika khadi koma kukadali bii, zimitsani, zulani pulagi kukhoma, gwirani chitsulo cha kesi kuti magetsi a m'thupi achoke, kenako yambani ndi RAM, timitengo ta memori tolowa pa bodi. Makompyuta ambiri omwe anthu amabwera nawo kwa ine atanyamula pa kabaza, nkhope zili zakugwa, vuto limakhala RAM yomwe sinakhale pansi bwino. Omanga koyamba amaopa kukanikiza, akuti ithyoka. Chotsani zonse ziwiri, ikani imodzi yokha pa mpata wachiwiri kuchokera pa purosesa, womwe mabodi ambiri amaulemba A2. Onetsetsani kuti kampata ka pa RAM kalunjikana ndi kachotupa ka mu siloti, kenako kanikizani mbali zonse ziwiri ndi zala zazikulu mpaka kokowera kalire kuti "ke". Kokowera kakakhala kotseguka ngakhale pang'ono, sinalowe.

Mukatero yang'anani pakona yakumwamba kumanzere kwa bodi. Pali polowera chingwe cha mapini 8 chopatsa moto purosesa. Anthu amalumikiza chachikulu cha mapini 24 n'kuiwala ichi, ndiye mafani amazungulira koma purosesa ili gone. Chingwe chake chimalembedwa CPU ndipo chimagawika 4 ndi 4. Chogawika 6 ndi 2 ndi cha graphics card, musachikakamize pamenepo. Mabodi ena ali ndi timagetsi tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT. Komwe kakhalabe koyaka kakuuzani mbali yomwe yakanirira.

Zikakanikabe, tulutsani bodi mu kesi, muiike pa katoni yake. Timiyendo tachitsulo tomwe bodi imakhalira tikaikidwa pomwe palibe bowo, timakhudza kunsi kwa bodi n'kuchititsa shoti. Pa katonipo lumikizani purosesa ndi fani yake, RAM imodzi, khadi ndi power supply basi. Poyatsa, khudzitsani nsonga ya screwdriver pa timapini tiwiri ta power switch kwa kamphindi. Ndipo chonde, muzisintha chinthu chimodzi n'kuyesa, osati zitatu nthawi imodzi, chifukwa ikayaka simudziwa chomwe chachiza. Zonsezi zikalephera, pamenepo ndiye kwerani minibasi, mukawauze ayese bodiyo inu mukuona.

FUNSO: Ndine mphunzitsi ku Luchenza. Mwana wanga anandimangira kompyuta yolembera mayeso. Imayaka bwinobwino, koma pakangopita mphindi zochepa imazima yokha popanda chenjezo. Kodi ndi vairasi?

YANKHO: Aphunzitsi, ndikukayika. Kuzima kwa phwii koteroko kawirikawiri ndi kutentha. Purosesa imadzizimitsa kuti isapse. Mukangoyatsa, dinani Delete kapena F2 mobwerezabwereza kuti mulowe mu BIOS, muone kutentha kwa CPU. Ngati kukukwera kudutsa madigiri 80 kompyuta isakugwira ntchito iliyonse, choziziritsira sichinakhale bwino. Mwanayo achichotse aone kunsi kwake: zambiri zatsopano zimabwera ndi kapulasitiki komata, ndipo kakasiyidwa kamatsekereza kutentha. Apukute thermal paste yakale, phala lija lopaka pakati pa purosesa ndi choziziritsira, aike yatsopano pakati, kukula ngati njere ya nandolo, n'kumanga masikulu mopingasa pang'onopang'ono. Waya wa fani ulowe polembedwa CPU_FAN. Ngati purosesa ndi ya AM4, achotse choziziritsiracho chikadali chofunda, mochipotoza pang'ono; kuchizula molunjika kumabwera ndi purosesa yomwe, timapini n'kupindika.

Kutentha kukakhala kwabwino, kayikirani power supply, bokosi logawa magetsi mu kompyuta. Bwerekani ina muyese. Koma isatsegulidwe, ngakhale mwanayo akhale wa luso chotani, chifukwa mkatimo mumatsala magetsi oopsa pulagi itazulidwa kale.

FUNSO: Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza makalata ku Bvumbwe. Magetsi akazima n'kuyakanso, deti ya kompyuta imabwerera zaka zam'mbuyo ndipo intaneti imakana kutsegula masamba. Komanso achibale anditumizira kompyuta ina yakale kuchokera ku America, sindinaiyatse.

YANKHO: Mayi, la detilo ndi laling'ono. Pa bodi pali kabatire kozungulira ka CR2032, ka mavoti 3, kosunga nthawi, katha. Sinthani, mbali yolembedwa + iyang'ane kumwamba, kenako konzani deti mu BIOS. Masamba amakana chifukwa deti yolakwika imasemphana ndi ziphaso zawo zachitetezo.

Ya ku America ija mwachita bwino kusaithamangira. Yang'anani kumbuyo, pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi. Zakale zambiri zili ndi kaswichi kofiira ka 115 ndi 230. Magetsi athu ndi a mavoti 230; mukailumikiza kali pa 115 mumva "phu" ndi fungo la utsi. Kasunthireni pa 230 musanalowetse pulagi. Ngati kaswichiko palibe, werengani kapepala ka pa power supply; pakalembedwa 100-240V, ilibe vuto.

Poti muli ku Thyolo, makompyuta onsewo asakhale pa simenti kapena kutsamira khoma. Chinyontho cha chiperoni chimadyetsa dzimbiri polumikizira. Akhale pa tebulo. Ndipo mvula ya ziphaliwali ikayamba, kuzimitsa pa swichi sikokwanira, zulani mapulagi kukhoma.