Kodi marimu a Honda Fit angalowe pa Corolla yanga yakale?

FUNSO

Akonzi, ndili ndi Toyota Corolla AE110 yopangidwa mu 1997, imene ndakhala ndikuyendera kwa zaka zambiri pakati pa Kasungu ndi Lilongwe. Mwezi watha ndinagwera m'dzenje usiku ndipo marimu awiri a kumanzere anapindika, moti tsopano chiwongolero chimanjenjemera ndikangowonjezera liwiro, komanso tayala limodzi limaphwa pang'onopang'ono ngakhale kuti silinabooke. Matayala anga ndi a 175/70 R13. Wogulitsa zipangizo zakale wina wandionetsa marimu anayi a sipoti a mainchesi 15, amene akuti anachotsedwa pa Honda Fit, ndipo akunditsimikizira kuti alowa chifukwa nawonso ali ndi mabowo anayi. Mtengo wake ndi wabwino ndipo ndi okongola. Kodi ndiwagule, kapena pali zimene ndiyenera kuyamba ndaona?

Bambo wa ku Kasungu

YANKHO

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanapereke ndalama, chifukwa mawu akuti mabowo ndi anayi ndi amene apweteketsa eni magalimoto ambiri. Wogulitsayo sananame kotheratu, pakuti marimuwo akhozadi kulowa pa mabauti a galimoto yanu. Koma kulowa kokha si umboni woti rimu lakhala bwino, ndipo pali miyeso ingapo imene iyenera kugwirizana musanadalire mawilo amenewa kunyamula banja lanu.

Muyeso woyamba ndi kutalikirana kwa mabowo, kumene amakaniko amati PCD. Pa Corolla yanu ndi 4x100, kutanthauza kuti mabowo anayiwo ali pa mzere wozungulira umene m'mimba mwake ndi mamilimita 100. Mukhoza kuyeza nokha ndi rula, kuchokera pakati pa bowo limodzi kukafika pakati pa bowo loyang'anizana nalo. Honda Fit nayonso ndi 4x100, monganso Toyota Vitz, Toyota Starlet, Mazda Demio ndi Nissan March, choncho pamenepa palibe vuto ngati marimuwo anachokeradi pa Fit. Ndikuti muyezebe, chifukwa pamulu wa marimu akale palibe amene amakumbukira bwino kumene lililonse linachokera. Ford Fiesta ili ndi 4x108, ndipo rimu lake limakana poyera moti palibe amene angapusitsike nalo. Loopsa ndi la Fiat Uno, limene ndi 4x98: kusiyana kwa mamilimita awiri okha kumalola kuti munthu wamphamvu alikakamize, manati n'kumangika mopendekera, ndipo mabauti amakhala akupindidwa mwakachetechete mpaka tsiku limene adzathyoke galimoto ili pa liwiro.

Muyeso wachiwiri ndi umene anthu ambiri saudziwa n'komwe, ndiwo bowo lalikulu la pakati pa rimu. Bowo limeneli limakhala pa mlomo wa habu (chitsulo chokhala ndi mabauti chimene wilo limamangidwapo), ndipo ntchito yake ndi kuika wilo pakati penipeni manati asanamangidwe. Pa Corolla yanu mlomowo ndi mamilimita 54.1, pamene pa Honda Fit ndi 56.1. Izi zikutanthauza kuti rimu la Honda lidzalowa pa habu yanu koma lidzasiya mpata, pamene rimu la Toyota silingalowe n'komwe pa habu ya Honda. Mpata umenewu ukapanda kutsekedwa, wilo likhoza kumangidwa litasuntha pang'ono, ndipo kunjenjemera kumene mukufuna kuthetsa kudzabweranso ngakhale mutapimitsa mawilo kangati. Mankhwala ake ndi timphete ta pulasitiki kapena ta aluminiyamu totchedwa hub ring, ndipo kwa inu tiyenera kukhala ta 56.1 kunja ndi 54.1 mkati. Ndikupempheni kuti musalole aliyense kukulitsa bowo la rimu ndi galayinda kapena tupa, chifukwa dzanja la munthu silingasunge bowolo pakati penipeni.

Kenako pali manati, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kuti muchedwepo. Mazinga a mabauti a Toyota ndi a Honda ndi ofanana, M12x1.5, choncho nati ya galimoto imodzi imazungulira bwinobwino pa inzake, kusiyana ndi ya Nissan imene ndi M12x1.25 ndipo imadya mazinga mukaikakamiza. Vuto lili pa nkhope ya nati, mbali imene imakhudza rimu. Manati a marimu achitsulo a Toyota ndi osongoka ngati fanelo, pamene marimu opangidwa ndi Honda amafuna nati ya nkhope yobulungira ngati theka la mpira. Mukamanga nati yosongoka m'bowo lobulungira, ziwirizi zimakhudzana pa kamzere kowonda kokha, ndipo mukadzamasula pakapita milungu ingapo mudzaona kamphete konyezimira kamene natiyo yadya mu aluminiyamu. Kudyekako ndi kumene kumachititsa kuti nati imasuke yokha panjira. Choncho ngati marimuwo ali ndi chizindikiro cha Honda, muyenera kugula pamodzi ndi manati ake 16, ndipo pomanga muwerenge kuti nati iliyonse ikuzungulira kasanu ndi katatu kapena kuposerapo isanalimbe, pakuti rimu la aluminiyamu ndi lochindikala kuposa lachitsulo ndipo limatsiriza mbali ina ya bauti.

Tembenuzani rimu muyang'ane kumbuyo kwake. Mudzapeza zolemba zonga 15x6J ndi ET45, ndipo pa marimu a aluminiyamu ochokera ku Japan mumayenera kupezanso chizindikiro cha JWL, chosonyeza kuti anapangidwa motsatira muyeso wa dzikolo. Nambala 15 ndi kukula kwa rimu, 6 ndi mulifupi mwake m'mainchesi, ndipo ET ikunena kuti wilo lilowa mkati kapena kutuluka kunja motani. Werengani ET ya rimu lanu lakale, imene pa magalimoto ang'onoang'ono ngati yanu imakhala cha m'ma 40, ndipo latsopanolo lisasiyane nayo ndi mamilimita oposa asanu. Nambalayi ikakula kwambiri tayala limakhula shoko mkati, ndipo ikachepa kwambiri wilo limatuluka kunja, limagunda madigadi mukanyamula katundu, komanso limalemetsa mabeyaring'i amene pa galimoto ya msinkhu umenewu ndi otopa kale.

Tsopano tifike pa mainchesi 15, pamene ine ndikukayikira kwambiri. Rimu likakula, tayala liyenera kufupika m'mbali kuti wilo lonse likhale la msinkhu womwewo, apo ayi mita yosonyeza liwiro idzayamba kukunamizani ndipo galimoto idzalemera ponyamuka. Tayala lanu la 175/70 R13 lili ndi khoma la mamilimita pafupifupi 122, ndipo wilo lonse ndi lotalika mamilimita 575. Pa rimu la 15, tayala lofanana nalo msinkhu ndi 195/50 R15, limene limapereka mamilimita 576, koma khoma lake ndi mamilimita 97 okha. Mwataya mamilimita 25 a rabala ndi mpweya, ndipo amenewa ndi amene amalandira nkhonya ya dzenje isanafike pa rimu. Ngati dzenje lija linapinda rimu lachitsulo lokhala ndi khoma lalitali, ganizirani zimene likadachita pa tayala lalifupi. Chitsulo chimapindika ndipo nthawi zambiri chimawongoleka mlomo wake, koma aluminiyamu amakonda kung'aluka, ndipo rimu long'aluka lowotcherera sindingalangize munthu aliyense kuliika kutsogolo kwa galimoto. Onjezerani pamenepo kuti mudzafunika kugula matayala anayi atsopano nthawi imodzi, ndipo mudzaona kuti mtengo wabwino uja wakwera kale.

Malangizo anga ndi akuti mufune marimu awiri achitsulo a mainchesi 13 ochokera pa Corolla ina ya AE100 kapena AE110, magalimoto amene analowa ochuluka m'dziko muno moti zipangizo zake sizisowa. Adzagwirizana ndi habu, manati ndi matayala amene muli nawo kale. Ngati mtima wanu uli pa marimu a sipoti, a mainchesi 14 okhala ndi tayala la 185/60 R14, limene limapereka mamilimita 578, kapena 175/65 R14, limene limapereka 583, ndi malire amene ndingavomereze pa misewu yathu, ndipo akhale a Toyota kapena Mazda Demio kuti bowo la pakati likhale 54.1. Dziwaninso kuti marimu a aluminiyamu opangidwa ndi Toyota amafuna manati awoawo, a nkhope yafulati okhala ndi washa.

Rimu lililonse limene mwasankha, musalipire lisanayesedwe. Lisambitseni kuti muone ngati pali ming'alu mozungulira mabowo kapena zipsera za kuwotcherera mkati, kenako lizungulitsidwe pa makina opimira mawilo kuti muone ngati silikuvina. Likaikidwa pa galimoto, lizungulitseni ndi dzanja galimoto ili pa jeke kuti mumve ngati silikukhudza mabuleki, ndipo mukatsitsa mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri. Manati amangidwe modumphadumpha, iyi kenako yoyang'anizana nayo, pa mphamvu ya 103 Nm imene Toyota imalamula pa galimoto yanu, yoyezedwa ndi sipanala yopimira mphamvu yomangira, osati poponda sipanala ndi phazi, ndipo muwaonenso mukayenda makilomita 50 mpaka 100. Popeza dzenjelo linamenya mawilo awiri a mbali imodzi, pemphani makaniko aonenso ma tie rod ndi ma ball joint, zitsulo zimene zimagwira mawilo ndi kuwalumikiza ku chiwongolero, ndi kukonza alayimenti, chifukwa mwina si marimu okha amene akugwedeza chiwongolero. Ndipo mukasinthira ku marimu ofuna manati a mtundu wina, sungani manati anayi akale m'buti, pakuti sipeya yanu ikadali yachitsulo ndipo idzawafuna tsiku limene tayala lidzaphwe panjira.