Kupalasa njinga m'mbali mwa nyanja namondwe atangodutsa: ndinyamuke kapena ndidikire?

Wowerenga wina wandilembera imelo kuchokera ku America. Akuti wakhala akukonzekera ulendo wa pa njinga wochokera ku New Orleans mpaka ku Pensacola, kutsata gombe la Gulf of Mexico, koma masabata atatu apitawo namondwe wawomba dera lomwelo. Tchuthi anapempha kale kuntchito, hema ndi zikwama anagula. Funso lake ndi lakuti: "Pa intaneti akuti misewu yambiri yatsegulidwa. Ndinyamuke kapena ndidikire?"

Dikirani, achimwene. Ndikudziwa kuti mtima uli kale pa msewu, koma amene akulengeza kuti msewu watsegulidwa akuganizira za galimoto. Wa njinga samuwerengera.

Nkhani yaikulu ndi milatho. Gombe limeneli ndi loduladula, pali mitsinje, madambo ndi mbali za nyanja zolowa kumtunda, ndiye ulendo wonse umadalira milatho yowerengeka. Namondwe Katrina atawomba mu Ogasiti 2005, madzi a m'nyanja anakwera mamita oposa 8 ku Pass Christian ndipo anagwetsa milatho iwiri ya msewu wa US 90, wa ku Bay St. Louis ndi wa ku Biloxi Bay. Milatho yatsopano inatsegulidwa mu 2007. Oyendetsa galimoto ankangokhotera ku msewu waukulu wa I-10, koma m'madera amenewo njinga siiloledwa pa msewu wotero. Kukhota kumene wa galimoto amakumaliza m'theka la ola, inu kungakudyereni tsiku lathunthu, ndipo dzuwa lingakuloweni muli pamalo opanda madzi kapena pogona.

Nthawi zina amakonza msanga. Namondwe Ian atadula msewu wopita ku chilumba cha Sanibel ku Florida mu Seputembala 2022, anaulumikiza m'masabata atatu okha. Komatu oyamba kuloledwa anali eni nyumba ndi ogwira ntchito yokonza, alendo anadikira. Njira yanu ilinso ndi pantoni yochoka ku Dauphin Island kupita ku Fort Morgan ku Alabama. Doko likawonongeka pantoni imaima, ndiye muyenera kuzungulira nyanja ya Mobile Bay yonse, makilomita oposa 100, kudutsa mumzinda wa Mobile komwe misewu yapansi pa mtsinje salolamo njinga.

Ngakhale milatho ikhale yonse ilipo, taganizirani malo amene njinga imayenda. Ndi m'mphepete mwa msewu, ndipo ndi momwemo mmene anthu amaunjika zinyalala za nyumba zogumuka kuti malole adzatenge: matabwa, malata, magalasi, matiresi onyowa, mafiriji. Misomali ya denga imakhala mbwee, tayala limaphwa kangapo pa tsiku. Mchenga umene nyanja yalavulira pa phula umaterereka, makamaka njinga ikalemedwa ndi katundu. Mukathawa zimenezi kulowa pakati, mukukumana ndi malole akuluakulu oyendetsedwa ndi anthu otopa, ambiri osalidziwa deralo. Ine ndimaopa malolewa kuposa china chilichonse pa ulendo wotere.

Palinso mbali imene sitikonda kuikamba ife okonda maulendo. Malo ogona amene apulumuka amakhala atadzaza ndi mabanja amene nyumba zawo zagwa, komanso amisiri a magetsi ndi okhoma madenga. Malo omangapo mahema m'mapaki a boma amatsekedwa, ena kwa miyezi yambiri. Sitolo imodzi yotseguka ikudyetsa tauni yonse. Anthu a m'madera amenewa ndi ochereza, mukafika mwatopa adzakupatsani madzi ndi pogona, ndipo n'chifukwa chake sindikufuna mupite panopa: chimene angakupatseni chikuchoka pakamwa pa munthu amene alibe kothawira. Mlendo ndi mame, koma mame nawonso amafuna pogwera. Ndipo chonde, mukadzapita, musamajambule nyumba zogumuka eni ake ali pompo akutola zotsala popanda kuwapempha.

Za thanzi ndinene mwachidule. Madzi a pa mpope amatha kuipitsidwa, ndipo boma limalengeza kuti aziwiritsidwa. Musawoloke madzi odikha muli ndi bala, chifukwa m'madzi ofunda amchere mumakhala mabakiteriya a Vibrio vulnificus, amene anadwalitsa anthu ambiri ku Florida pambuyo pa Ian. Bayitsani katemera wa kafumbata musananyamuke. Waya wa magetsi wogwa pansi muzimuyesa wamoyo nthawi zonse. Udzudzu nawo umaswana kwambiri.

Nanga mupite liti? Nyengo ya namondwe ku Atlantic imayamba pa 1 Juni kufika pa 30 Novembala, ndipo imafika poipa kuyambira pakati pa Ogasiti mpaka Okutobala. Namondwe mmodzi kudutsa sizitanthauza kuti wina sabwera: mu 2020 Laura ndi Delta anagwera dera limodzi la Louisiana motalikirana masabata asanu ndi limodzi okha. Ine ndikanasunthira ulendowu ku Malichi kapena Epulo, kutentha kusanafike. Nthawi imeneyo matauni amakhala akufuna alendo, ndipo ndalama yanu ya chakudya ndi pogona imathandizadi eni ake kudzuka.

Ngati tchuthi sichingasinthike, sinthani njira, mupalase kumtunda kutali ndi kumene madzi anafika. Ndipo kaya mupita liti, imbani foni malo aliwonse amene mukufuna kugona, mumve mawu a munthu, chifukwa mapu a pa foni amachedwa kudziwa kuti malo anatsekedwa. Onani tsamba la nthambi ya misewu ya chigawo chilichonse, la pantoni, ndi zolengeza za bungwe loona za namondwe la National Hurricane Center tsiku ndi tsiku. Tengani machubu apadera angapo, zigamba zambiri, tayala limodzi lopindika ndi madzi okwana masiku awiri. Tcheni muzichitsuka ndi madzi abwino madzulo aliwonse n'kuthira mafuta, chifukwa mchere wa m'mphepete mwa nyanja suchedwa kuchititsa dzimbiri.